Khumi pa Zana, Chaka Chilichonse

"Lembaninso miyezi isanu ndi inayi ija!" anakuwa amayi, akugogoda chipande pa tebulo. "Poti mwalemba zonse, lembaninso lendi ya m'mimba mwanga!"

"Mimba siinatuluke m'thumba mwanga, mayi a Shuvai," anayankha bambo, maso ali pa kabuku kawo ka chikuto chakuda. "Muno mumalowa zimene zili ndi mtengo. Matewera, madola khumi ndi awiri. Nkhuku imene tinamuphera atadwala chikuku, madola asanu. Dzino lija anathyola pa mpira..."

"Dzino linali lake!"

"Koma anazula ndi ndalama zanga."

Shuvai ndine. Ndinali nditakhala pa mkeka pambali pa chitseko, ndikumvetsera mtengo wanga. Ndinali ndi zaka 28, mphunzitsi wa ana a giredi yachitatu pa sukulu ya kumudzi kwathu, kufupi ndi Gutu. Amuna atatu anali atabwezedwa kale pachipata chifukwa bambo ankati mbewu siinakhwime. Wachinayi anali Garikai, wokonza mijigo, ndipo ameneyu ndiye mtima wanga unali utamusankha. Anthu ake anali oti abwera ndi malowolo pakatha masabata atatu.

"Zonse pamodzi, madola 6,000," anatero bambo. "Ine sindine wadyera. Ndingofuna kuwirikiza kawiri basi. Madola 12,000, mwana atengedwe."

"Mnyamatayo ali ndi 1,500 ndi ng'ombe zinayi. Mukufuna akabe? A Machingura, pakhomo pano pakanakhala azakhali ake a mwanayu, bwenzi atakutsekani pakamwa."

"Pakhomo pano palibe azakhali."

"Masamu anuwo ndi olakwika," anatero mawu achilendo.

Tonse tinatembenuka. Pakhomo panali pataima mayi wamtali, wa imvi zotulukira pansi pa duku, nsapato zake zitayera ndi fumbi la basi. Dzanja lina ananyamula ambulera yakuda, lina chikwama. Sanaombe m'manja, sanaodire. Analowa, anakhala pansi, natulutsa kamakina kowerengetsera kamene manambala ake anali atafufutika ndi zala.

"Ndinu ndani, mayi?" anafunsa bambo.

"Dzina ndidzanena ndikamaliza kuwerenga. Mwati mwaika 6,000, mufuna 12,000. Phindu lonse ndi zana pa zana. Likumveka lonona, eti? Koma mwadikira zaka zingati?"

"Zaka 28."

Mayiyo anadinadina kamakinako, napukusa mutu ngati namwino amene waona chilonda chonyalanyazidwa.

"Phindu saliyeza ndi mulu wokha, bambo. Amaliyeza ndi zaka zimene mulu watenga kuti ukule. Kuwirikiza kawiri pa zaka 28 ndiye kuti chuma chanu chimakula ndi madola awiri ndi theka okha pa zana lililonse pachaka. Mbuzi yachabechabe imaposa pamenepo. Ngakhale bakha."

Bambo anandiyang'ana ngati ndagwidwa ndi dzanja mu mphika wa nyama.

"Ndiye kuti mwana ameneyu wakhala akundidyera zaka zonsezi?"

"Ine sindinanene choncho. Ndangowerenga."

"Nanga chuma chabwino chimakula bwanji?"

"Anthu a malonda amasangalala ndi khumi pa zana chaka chilichonse. Phindu la chaka chino limabala lake chaka chamawa, monga thole limakula n'kubala thole. Mukatero chuma chimawirikiza kawiri pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri zilizonse. Werengani nokha. Zaka 28 muli kasanu ndi kawiri kanayi."

Bambo anawerenga ndi zala. "12,000. 24,000. 48,000." Anameza malovu. "96,000. Mayi a Shuvai, phani nkhuku! Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa."

"Kalumo kakuthwa kamametanso mwini nyumba," anang'ung'udza amayi.

"Bambo," ndinayesa ine, "masamu ndimaphunzitsa. Fizi ya ku koleji munalipira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ingakule bwanji zaka 28?"

"Mwanayu akunena zoona," anatero mlendo. "Koma mwini buku ndinu."

"Katundu salankhula pamsika," anatero bambo, natseka kabuku.

Mlendoyo tinamuyalira mphasa m'nyumba ya alendo, ndipo sanachokenso.

Bambo sanabadwe oipa mtima. Ndalama zonse zimene anasunga ku banki zinasanduka mapepala m'chaka chija buledi ankagulidwa ndi mabiliyoni, ndipo kuchokera pamenepo ankangokhulupirira zinthu ziwiri zokha, ng'ombe ndi ine. Koma masabata atatu amenewo mutu unawazungulira. Mlendo anawauza kuti khumi pa zana la 96,000, mukaligawa pa masiku a chaka, ndi madola 26 patsiku. Kuyambira tsiku limenelo moni wa m'mawa unasintha.

"Wadzuka bwanji, madola 26 anga?"

Anandiletsa kukwera njinga, ati ndingagwe n'kutsika mtengo. Anandiletsa kudya chimanga chokazinga chifukwa cha mano. Popita kusukulu ankanditsatira pambuyo atandifunditsa ambulera ya mlendo, ana anga a giredi yachitatu akuseka mpaka kugubuduka m'fumbi. Lachisanu lina ndinayetsemula, bambo anathamanga kuchokera kukhola n'kulunjika kwa mlendo.

"Mayi, chimfine chimachotsa zingati?"

"Sichichotsa. Koma mukamusunga zaka zina zisanu ndi ziwiri, afika 192,000."

"Mwamva, mayi a Shuvai? Tikuthamangira chiyani?"

"Mumusunge mpaka afike zaka 70," anatero amayi. "Mudzagula naye ndege. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Mbiri inafalikira. Anthu ankabwera kudzandiona ngati ng'ombe ya pachionetsero. Amuna ena a m'mudzi anayamba kugula mabuku a chikuto chakuda. Mnansi wathu, amene ali ndi ana aakazi asanu, anasiya kulima n'kumangokhala pansi pa mtengo akumwetulira.

Ine ndi Garikai tinali ndi chinsinsi chathu. Lachinayi lililonse mjigo wa kusukulu unkawonongeka, chifukwa Lachitatu madzulo ndinkamasula kabawuti kamodzi n'kukabisa m'thumba la diresi. Iye ankabwera pa njinga yamoto, n'kumasula mjigo wonse pang'onopang'ono, mapaipi ataandalika pa udzu, kenako ine n'kumupatsa kabawutiko. Komiti ya mjigo inkamutama kuti palibe mmisiri wakhama ngati iye.

"Akuti 96,000," ndinamuuza Lachinayi limenelo.

Garikai anakhala pansi, sipanala ili m'manja.

"Ndikagulitsa njinga yamoto, ndi zida, ndi impso imodzi, ndikhoza kugula chala chako chaching'ono," anatero. "Kodi amalola kutenga pang'onopang'ono? Ndiyambe ndi chalacho?"

"Usandiseketse, ndikufuna kulira."

"Tithawe, Shuvai. Ku Beitbridge, kumalire kuja, kulinso mijigo."

Ndinaziona m'maganizo: ine kumbuyo kwa njinga yamoto, duku likuuluka, bambo akutithamangira ndi kabuku. Koma ndinaonanso amayi atatsala okha ndi manyazi, opanda ngakhale ng'ombe ya mayi, ija imene mkamwini amapereka kwa mayi wa mtsikana, imene ankailota chibadwire changa.

"Ayi. Ndikufuna kutuluka pachipata masana, anthu akululutira."

"Nanga mayi wa kamakinayo ndi ndani?"

Funso limenelo ndi limene linkandisowetsa mtendere. Poyamba ndinkati ndi wa boma, wotumidwa kudzawerenga ng'ombe. Kenako ndinati ndi chibwenzi chakale cha bambo chodzabwezera. Tsiku lina ndinatsegula chikwama chake iye ali kumadzi, ndikuyembekeza kupeza kalata yachikondi kapena nyanga. Ndinapeza mabuku atatu a gulu la amayi osungitsana ndalama pa msika wa ku Chiredzi, mankhwala a mawondo, ndi mpeni wosendera nzimbe.

Koma panali chinthu chimodzi chimene ndinachiona. Pakati pa bwalo lathu pali malo opanda kanthu amene bambo amawazungulira akamayenda. Amayi anandiuza kalekale kuti pamenepo panali nkhokwe ya agogo, inagwa ine ndisanabadwe, koma miyendo ya bambo siinaiwale. Mlendoyo naye ankawazungulira malo omwewo. Mbali yomweyo.

Ndinamupeza m'mawa wina atatsamira mpanda wa khola, akuyang'ana ng'ombe.

"Mayi, ndinakulakwirani chiyani?"

"Umamukonda wa mijigoyo?"

"Kwambiri."

"Anakufunsa, kapena anangokuuza?"

"Anandifunsa. Katatu. Kawiri ndinakana kuti ndione ngati abwerenso."

Anaseka, kanali koyamba kumumva akuseka. Kenako nkhope inabwerera mwakale.

"Kufunsidwa n'kokoma," anatero. "Pita kuntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kutatsala masiku awiri, mlendo anawapatsa bambo nzeru ina.

"Anthu a mnyamatayo adzati mwangolota mtengo. Lembani lamulo, musaine, mboni zione."

Bambo analemba pa tsamba lomaliza la kabuku ndi zilembo zikuluzikulu: Chuma chilichonse chimene chinaikidwa pakhomo pano chimakula ndi khumi pa zana chaka chilichonse, ndipo mwini wake alipidwe zonse. Anasaina, anadinda ndi chala, naitana anansi awiri kuti nawonso adinde.

Loweruka linafika. Garikai anatsala kunja kwa chipata monga mwa mwambo, atavala jekete yobwereka imene manja ake ankathera pa chigongono. M'nyumba munadzaza abale ndi anansi, ena akusuzumira pa zenera. Mkhalapakati, a Mutero, nkhalamba yodekha imene inali itamangapo maukwati ambiri, anagwada, anaomba m'manja, naika pansi mbale yamtengo ya ndalama za malowolo.

"Tabwera kudzapempha moto," anatero.

"Moto ulipo," anayankha bambo. "Madola 96,000. Kuwonjeza 26 ya lero."

A Mutero anayamba kuseka, kenako anaona kuti akuseka okha. Anatembenuzira khutu labwino kwa bambo.

"Mwati zingati? Ife tabwera kudzapempha mkazi, osati sitolo ya ku Masvingo."

"Lamulo ili apa. Mayi, awerengereni."

Mlendo anatenga kabuku, anawerenga lamulo mokweza, nafunsa ngati onse amva. Onse anavomera. Kenako, m'malo mobweza kabuku, anatsegula tsamba loyamba.

"Wowerenga wabwino amayambira pamene chuma chinayambira," anatero. "Apa palembedwa kuti: Zoyambira, ng'ombe zisanu ndi zitatu. Zinagwa ndi mvula?"

"Zinali za makolo."

"Makolo anu analibe ngakhale mbuzi. Analipira msonkho ndi mapira obwereka. Ng'ombe zinachokera kuti?"

Mayi wina wokalamba pa zenera anati, "Zinali za mtsikana uja."

Bambo anakanda pakhosi. "Zinali malowolo a mlongo wanga. Zakalekale zimenezo. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi."

Ine ndinayang'ana amayi. Sindinamvepo kuti bambo anali ndi mlongo.

"Iye anali ndi zingati?" mlendo anapitiriza kufunsa.

"Khumi ndi zisanu, kapena."

"Mwamunayo?"

"Anali wamkulu."

"Anali ndi imvi ndi akazi awiri. Ng'ombezo zinagwira ntchito yanji?"

"Ziwiri zinandiphunzitsa sukulu. Zinayi ndinalowolera mayi a Shuvai. Zotsala zinabala khola lili panjali."

"Ndiye kuti sukulu yanu, mkazi wanu, khola lanu, ngakhale ndalama zimene munagulira matewera, zonse zinatuluka mwa mtsikana ameneyo. Papita zaka zingati?"

"Zaka 42."

"Muli kasanu ndi kawiri kangati?"

"Kasanu ndi kamodzi," ndinayankha ine. Ulendo uno palibe anandiletsa.

"Werengani, bambo. Zala muli nazo."

Bambo sanafune, koma anthu anawerengera okha, onse pamodzi ngati ana a m'kalasi mwanga. "Khumi ndi zisanu ndi chimodzi! 32! 64! 128! 256!" A Mutero ndi amene anamaliza, mawu akunjenjemera ndi chisangalalo: "Ng'ombe 512!"

"M'khola muli zingati?" anafunsa mlendo.

"Khumi ndi zinayi," anatero amayi msangamsanga. "Imodzi ndi yotsimphina."

"Zimenezo n'zamisala!" anakuwa bambo. "Munthu si banki! Mungawerenge bwanji phindu pa mwana wa munthu?"

"Eya!" anatero amayi. "Bwerezani, a Machingura, akunja sanamve."

Pa zenera anthu anaseka mpaka wina anagwa pa njerwa imene anaimapo. Bambo anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Komanso mwini wakeyo kulibe. Anapita kutali, kuchigwa. Mwina anamwalira."

"Munapitako kukaona?"

"Kunali kutali."

"Basi imatenga theka la tsiku. Ine ndakwera. Chabwino, tilembe dzina lake pamutu pa ngongoleyi, kuti ana ake akadzabwera adzapeze. Anali ndani?"

Bambo anatsegula pakamwa, natseka. Anayang'ana kudenga.

"Ndinkangoti Sisi."

"Nanga ng'ombezo mukuzikumbuka?"

"Aa, zimenezo!" Nkhope ya bambo inawala asanaganize. "Bhusumani, Jambuti, Bhandomu, Manzuma wopanda nyanga, Nhema, Mashava, Chipembere, ndi Kamuswe amene ankakonda kuthyola mpanda..."

Mawu anawathera m'kamwa. Palibe anasekanso. Kunja kunamveka belu la ng'ombe, ndi Garikai akutsokomola pachipata.

"Mwini wake ali moyo," anatero mlendo mwapansipansi. "Mwamuna uja anamwalira patatha zaka khumi. Abale ake anamuthamangitsa, koma sakanabwerera kuno, chifukwa akanabwerera, ng'ombe zikanabwezedwa, ndipo mlongo wake wamng'ono uja akanasiya sukulu. Anagulitsa tomato. Anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka makumi atatu. Mwezi watha anamva anthu a m'basi akuseka za bambo wina wa ku Gutu amene amalemba mwana wake m'buku. Atamva dzina, sanaseke."

"Akufuna chiyani?" anafunsa bambo.

"Musankhe. Ng'ombe 512, malinga ndi lamulo limene mwadinda ndi chala chanu. Kapena mulandire zimene zili m'mbalemo, mayi a mwana alandire ng'ombe yawo, ndipo mtsikanayu afunsidwe, pamaso pa anthu, ngati akufuna."

"Ndingadziwe bwanji kuti simukunama? Aliyense akhoza kutsika basi ndi kamakina."

"Tsiku limene anamutenga, ngolo inadutsa pa mtsinje wa kumunsiku. Kamnyamata kena kanaithamangira, kabudula akugwa, kakulira kuti Sisi, Sisi. Pa mtsinje mwamuna uja anakaponyera nzimbe. Kanatola, kanasiya kulira, kanakhala pa mwala n'kuyamba kusenda ndi mano. Mtsikanayo anakayang'ana mpaka ngolo inakhota. Sikanadzutse mutu." Anawayang'ana bambo m'maso. "Inali yotsekemera, Takawira?"

Kwa zaka 28 sindinamvepo munthu akuwatchula bambo dzina lawo loyamba. Iwo anatsika pa mpando pang'onopang'ono mpaka anakhala pansi, pa dothi, pamene pamakhala ana.

"Inali yotsekemera," anatero. Misozi inali kutsikira m'ndevu. "Ndakhala ndikuimva m'kamwa mpaka lero."

Kenako anakoka mbale ija osayang'ana zimene zinalimo.

"Shuvai. Ukumufuna mnyamatayo?"

Ndinali nditakonza yankho limeneli kwa zaka zitatu, lalitali, lokhala ndi mwezi ndi nyenyezi. Zonse zinathawa.

"Eya, bambo."

Amayi analulutira mpaka nkhuku zinabalalika panja. A Mutero anatuma munthu kuti akauze Garikai asiye kutsokomola. Wina pa zenera anafuula kuti madola 26 a lero nawo akhululukidwe, ndipo anthu anasekanso, koma kuseka kofewa.

Bambo sanadzuke. Anatola kabuku pamene mlendo anakaika, anatsegula tsamba loyamba, nalipereka ndi manja awiri pamodzi ndi cholembera.

"Sisi," anatero, mutu uli pansi, "ndilembereni. Ndisadzaiwalenso."

Mayiyo anafufuta mawu akuti ng'ombe zisanu ndi zitatu ndi mzere umodzi. Analemba pang'onopang'ono, ndi zilembo zoima bwino za munthu amene anaphunzira atakula. Kenako sanapereke kabuku kwa bambo. Anakapereka kwa ine.

"Werenga, mphunzitsi. Mokweza. Azakhali ako makutu ayamba kuvuta."

Ndinaimirira, ndipo ndinawerenga kuti amve ndi a pa zenera omwe.

"Sekesai Machingura."